Mapiritsi a Zakiya

Latifu amagula makumba ndi milamba yowamba ku nyanja ya Amaramba, n'kupalasa njinga mpaka ku msika wa ku Insaca. Pamalonda munthuyu ndi wolongolola zedi, moti angakugulitseni nsomba ya dzana mukumuthokoza. Koma pa nkhani imodzi yokha pakamwa pake pamauma.

Chaka chomwe anamupeza ndi kachilombo ka HIV, anauza mkazi wake yekha, Zakiya, mayi wa mwana wawo Jabiri, amene anamutenga chitengwa kuchokera ku Chiuta. Zakiya atayezetsa anapezeka kuti alibe. Namwino anamupatsa mapiritsi oteteza, aja amati PrEP, kuti azimwa tsiku lililonse poti mwamuna wake anali atangoyamba kumene mankhwala. Latifu ake amawabisa pansi pa dengu la nsomba, ndipo akakhala kunyanja pamaso pa anzake amadumphitsa masiku. Zakiya ake anangowasomeka kudenga, wopanda mlandu sabisa.

Tsiku lina mayi ake a Latifu akufunafuna singano anapeza kabotolo ka mapiritsi a Zakiya kudenga kuja. Kwa iwo mapiritsi otere ndi amodzi okha. Dzuwa lisanapendeke, pachitsime ponse anali atamva kuti mtengwa wabweretsa matenda pamudzi. Apongoziwo anamupatulira kapu yake, ndipo amayi anzake anasiya kumusiyira makanda.

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Latifu anamva m'mimba, koma chitseko anasiyira mkazi. Ankadzuka m'mamawa atakonza mawu onse oti auze mayi ake, akawaona n'kuyamba kupopa njinga yopopa kale. Manyazi ankamudya njira yonse ya ku Insaca. Pobwera ankagulira Zakiya chitenje, mwina sopo wonunkhira, ngati kuti sopo angatsuke dzina la munthu. Zakiya ankalandira ndi manja awiri, ndipo mapiritsi ake sanasiye kumwa.

Chikondwerero cha Idi chitatha, mayi aja anaitanira Latifu kuseri kwa nkhokwe.

"Mwanawe, Mulungu wakusunga, sunatengere. Ndalankhula ndi a Husseini. Hamida wawo wakula, ndi mwana wabwinobwino. Umukwatire akhale wachiwiri, uyu azingolima."

Apa ndiye panali poyankhulira. Latifu, katswiri wa pamsika, anakanda pansi ndi chala chakuphazi n'kunena kuti, "Ndiganize kaye, amayi."

Zakiya anali mbali ina ya nkhokweyo akupeta chimanga, ndipo anamva zonse. Sanalire. Apongozi ake atachoka anabwera ndi lichero lake m'manja.

"Bambo a Jabiri, dzina lanu ndalisenza ine, sindinadandaule. Koma Hamida ndi mwana, sadziwa kanthu. Mukamukwatira mudzamutumize kwa ine, ndikamusonyeze khomo lolandirira mapiritsi."

Anabwerera kukapeta. Latifu anakhala pansi pomwepo.