A Tsietsi Ramokhele ndi Mapapo a Mlendo

Mwezi wathawu parishi yathu ya ku Bekkersdal inaika m'manda a Tsietsi Ramokhele. Anabadwira ku Phuthaditjhaba, nakula akuweta nkhosa za bambo awo. Ali ndi zaka makumi awiri analowa mumgodi wa golide, ndipo sanatsikepo pansi asanachite chizindikiro cha mtanda. Loweruka lililonse ndiwo ankasesa m'tchalitchi.

Fumbi la miyala linawadya mapapo, mpaka ankalephera kumaliza Atate Athu osapumira. Madokotala a ku Johannesburg anati angathe kuwaika mapapo ena, koma ayambe alimbitsa thupi, chifukwa wofooka sapirira opaleshoni yotere. Katatu pa sabata ankapalasa njinga yosayenda, kachubu ka mpweya kali m'mphuno, milomo ili bii.

"Ntate, mwabwera kudzagona pano? Palasani!" ankatero a Zodwa, mayi wowachititsa mafizo, powaitana kuti bambo m'Chisotho.

"Mwanawe, njinga yakoyi miyezi yonseyi sinandifikitse ngakhale pachipata."

Koma chowasautsa kwenikweni sichinali befu. Akazi awo, a Puleng, atati apemphere kuti mapapo apezeke msanga, iwo anakana.

"Ndipemphe bwanji? Kuti ine ndipume, mwana wa wina afe?"

Analeka mafizo masabata atatu, ndipo madokotala anawachenjeza kuti awachotsa pamndandanda wa odikira. A Puleng analira. "Ndiye ine ndikhale wamasiye kuti mtima wanu uyere?" M'mawa mwake a Tsietsi anabwerera panjinga, koma pemphero lija sanalinenepo.

Mapapo anapezeka patatha chaka. Tsiku lachiwiri atachitidwa opaleshoni, a Zodwa anawaimiritsa, machubu ali lendee pachifuwa. Anaponda kanayi, misozi ili mbwembwembwe. Dzina la mwini mapapowo sanauzidwe. Ankangoti "mlendo wanga". Atachira, ku Misa ankapita wapansi tsiku ndi tsiku. "Ndikachita ulesi," ankatero, "mwana uja wafa kawiri."

Patatha zaka zinayi thupi linayamba kukana mapapowo. Anabwerera ku botolo la mpweya osadandaula, namapitabe kuchipinda cha mafizo kukayenda pambali pa anzawo a kumgodi odwala mapapo amene ankachita mantha. Anatisiya Lachinayi masana atalandira mafuta a odwala, a Puleng atawagwira dzanja.

Pamaliro, amuna anayi okoka mabotolo a mpweya anakana kukwera basi. Anatsata bokosi wapansi kuchokera patchalitchi mpaka kumsewu, akupumira pamtengo uliwonse, ndipo mpingo wonse unawadikira.