Kanyama Kanga M'kabotolo

Malemu azakhali anga anandichenjeza tsiku limene anandimeta ndili namwali. Anatola tsitsi lonse, nakalikwirira kuseri kwa khola, nati: "Cha m'thupi mwako usamasiyire mlendo, ngakhale chikhadabo." Mawuwa ndakalamba nawo. Ndili ndi zidzukulu zinayi ku Ntcheu, ndipo kuno ku Jumeirah, mumzinda wa Dubai, kumene ndimalera ana a eni, zikhadabo zanga ndimataya ndekha.

Matenda anayamba chaka chachiwiri cha Korona, nyengo yotentha. Ndinaona magazi pang'ono ndikapita kuchimbudzi. Ndinati mwina ndi tsabola wa kuno, ndinamusiya. Magazi sanasiye. Patatha miyezi iwiri kukhala pansi kunayamba kundivuta, ana ndinkawadyetsa chiimirire. Sindinauze munthu. Madamu, abwana anga, ankaopa Korona moti wantchito akangotsokomola ankamutsekera m'chipinda. Nanga wotaya magazi akanamutani? Koma ndi iwo omwe anandipeza nditatsamira khoma, nauza dalaivala kuti andiperekeze kuchipatala china ku Oud Metha.

Kumeneko anayamba n'kundipisa kamtengo m'mphuno, nati ndibwerenso Lachitatu. Tsikulo ndinadikira maola awiri pamipando yotalikirana, ndikuyang'ana aliyense wolowa ndi wotuluka. Dokotala anali mayi, ndinathokoza Mulungu. Anandigoneka cham'mbali, nalowetsa kachipangizo kounikira kotulukira chimbudzi. Ululu si wambiri, ochuluka ndi manyazi. Kenako anati: "Pali kachotupa. Nditsinapo pang'ono, akapime ngati si khansa."

Ndinati andionetse chimene atsinacho. Nesi anaseka kuseri kwa masiki, nandionetsa kabotolo: kanyama kochepa ngati njere ya mpunga, kali m'madzi. Dzina langa ndinaliwerenga kawiri. Pansi pake panali liwu lachingerezi limene sindinalidziwe, ndipo ndinalikopera kumapeto kwa buku langa la nyimbo. Ndinafunsa kumene kakupita ndi amene akanyamule. Anati kulabu, zotsatira pakatha sabata, inshallah, Mulungu akalola.

Sabata inatha, ina n'kuthanso. Ndikaimba foni, yankho linali lakuti dikirani. Ndinayala pabedi mapepala onse amene anandipatsa, n'kufunafuna liwu lija. Pa pepala la dokotala linalipo. Pa pepala lopita kuinshuwalansi panalibe. Panali mzere umodzi ndi nambala imodzi basi. Kanyama kachoka m'thupi mwanga, koma pepala silikukadziwa. Ndiye kali ndi yani?

Ndinabwerera kuchipatala. Pawindo lolipirira ndinkang'ung'udza ndekha m'Chichewa, ndipo mtsikana wa pakompyuta anadzutsa mutu. "Ambuya, mufuna chani?" Anali Misozi wa ku Chipata. Sindinamukhulupirire msanga, pakuti chilankhulo chimodzi si chibale, koma ndinamuonetsa mapepala awiriwo.

Zimene anandifotokozera zimandidabwitsabe. Chilichonse chimene dokotala wachita chili ndi nambala yake. Kungounika kuli ndi yake. Kuunika ndi kutsinapo kanyama kuli ndi ina. Kupima kulabu inanso, ngakhale nthendayo ili ndi yake. A inshuwalansi saona munthu, amaona manambala okhawo. Wolemba tsiku lija anaika nambala ya kungounika, ndiye iwo anakana kulipira labu: mupima bwanji chinthu chimene sichinadulidwe? Kabotolo kanangokhala pashelefu kudikira.

"Kaliko, ambuya, sikanathawe," anatero Misozi. "Anthu abwera kuno kukangana za ndalama. Ndimwe oyamba kubwera kulondola nyama yanu."

Anatenga lipoti la dokotala, nakonza nambala, natumizanso. Anati khalas, zatha, pitani mukapume. Sindinachoke mpaka atandisindikizira pepala latsopano, ndipo liwu lija ndinaliloza ndi chala.

Patatha masiku anayi dokotala anandiitana. Sinali khansa, koma anati chotupa cha mtundu umenewo chikasiyidwa chimatha kusanduka. Mwezi wotsatira anachichotsa chonse. Ndinalowa m'mawa, madzulo n'kutuluka. Kwa sabata ziwiri ndinkakhala m'beseni la madzi ofunda kawiri pa tsiku, n'kumadya masamba ndi zipatso zambiri. Lero ndimakhala pansi bwinobwino, magazi anasiya, ndipo ndimapita kukaonedwa akandiitana.

Ndinafunsanso za kanyama kaja. Anati amakasunga m'phula kwa zaka, kuti akafuna adzakaonenso. Ndiye kachidutswa kanga kali ndi alendo kuno ku Dubai. Azakhali andikhululukire, kukakwirira kuseri kwa khola sikukanandichiza.

Amayi anzanga, mukaona magazi musataye miyezi iwiri monga ine. Pitani msanga, manyazi sapha. Mapepala anu sungani, ndipo funsani nambala iliyonse kuti ikuimira chiyani.

Ndine wamkulu, ndipo kuno ndili ndekha. Inu amene timapemphera limodzi ku Oud Metha, mukaona mpando wanga uli wopanda munthu Lamlungu, musangoti gogo watopa. Bwerani mudzandione. Ndiyamba ndakusuzumirani pawindo, koma chitseko nditsegula.