Mabedi awiri ku Bugibba

Ndinkasambitsa mwana wanga wamkazi m'bafa lomwe tinkagawana ndi mabanja ena ku Al Muntazah, thovu lili m'mutu, maso atatsinzina, ndiye n'kunena kuti, "Amayi a ku Malta akuti kumeneko kuli nyanja yosambira ana."

Ndinasiya kumukhula. "Amayi ake ati?"

"A pafoni ya adadi. Akuti ndisamati anti, ndiziti amayi."

Madzi ankangotayika, ine chiimire. Mwana wa zaka zisanu sapeka zoterozo. Mchemwali wa mayi ako ndi mayi ako, aliyense amadziwa, koma mlongo wa bambo ako ndi azakhali, kwathu ku Machinga ngakhale kwawo kwa mwamuna wanga ku Chipata. Nanga alamu angawo, mlongo wa mwamuna wanga, umayi ankaufuniranji?

Mwamuna wanga ankakonza ma-eyasi, makina oziziritsa m'zipinda, pa hotela ina kuno ku Doha. Ine ndi ana awiri, mtsikanayu ndi mlongo wake wa zaka ziwiri, tinali pa mapepala ake. Tinkagona chipinda cha patishoni, khoma lake la matabwa, woyandikana naye akatsokomola umayankha kuti pepani. Kontilakiti yake itatsala pang'ono kutha, mlongo wake wamkulu, amene anakwatiwa ku Malta, anamupezera ntchito kumeneko. Anabwera akumwetulira, n'kunditsegulira mapu pafoni. Kadziko kake ngati njere ya mpunga pakati pa madzi.

"Manje sankha, mayi a mwana," anatero. "Matauni ni awiri. Nakupatsa mphamvu."

Ina inali Bugibba, m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi ntchito yake, ndipo n'kumene alamu ali ndi fulati. Ina inali Hamrun, kumene mnzake anamuuza za chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo. Pa chithunzi khoma lake linali lakuda ndi chinyezi, windo loyang'ana khoma linzake, ndipo ku ntchito akanamakwera mabasi awiri. Ndani angasankhe chimenecho? Ndinati Bugibba, ngakhale lilime linkandikana kutchula, mpaka tonse tinaseka.

Zimenezo zinali ndisanamve za m'bafa zija. Kuyambira tsiku la m'bafalo maso anga sanakhalenso pansi.

Lachisanu alamu anaimba pa vidiyo. Ndinadziponya pafupi ndi foni, ndati, "Alamu, tationetsani nyumbayo." Anayenda nayo foni, akulankhula mosangalala. Khitchini iyi, khonde ili, nyanja uko ikuonekera pakati pa nyumba ziwiri. Kenako anatsegula chitseko china. Mabedi awiri aang'ono, oyalidwa kale, pena nsalu ya maluwa, pena ya magalimoto, ndi chidole chili pa pilo. Chipinda china chinali cha mlongo wawo, mwamuna wangayo, bedi la munthu mmodzi.

"Nanga ine ndizigona pati, alamu?"

Anaseka. "Iwe mlamu, osathamanga. Eni nyumba kuno amawerenga mitu. Iwe uyambe wapita kumudzi, ukapumeko, ukanenepeko, taona mmene wathera. Mapepala ako akatuluka udzatipeza."

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Iye ankayang'ana pansi.

"Miyezi ing'onoing'ono chabe," anatero, "inshallah."

Inshallah imeneyo ndimaidziwa. Si ija timanena kwathu ndi mtima wonse ayi. Ndi ija anaiphunzira kwa mabwana ake, yomwe amamuuza akapempha tchuthi iwo asakufuna kumupatsa.

Alamu akhala pabanja zaka zambiri opanda mwana. Sindiwaseka, Mulungu akundiona, ndawamvapo akulira pafoni. Kwathunso timabwerekana ana, mwana amakakulira kwa achibale, koma amapita mayi wake atalola, ndipo ukamufuna umakwera minibasi n'kukamutenga. Nanga ku Malta umakwera chiyani, ulibe pepala, sukulu unalekeza sitandade sikisi?

Ana ali panja pa kolido ndinamuuza motsitsa mawu, chifukwa cha matabwa aja. "Bambo a mwana, ndasintha. Tipite ku Hamrun tonse anayi."

"Ku chinyezi kuja? Ufuna mwana adwale chifuwa?"

"Adzadwalira m'manja mwanga."

"Khalasi, nkhani yatha, chipinda chija anatenga ena."

"Dzulo lomweli munati chilipo."

Apo anakwiya. Sanakweze mawu, ndipo kusakwezako n'kumene kunandiopsa. "Mvera. Ana ni anga. Ninalowola. Kwathu mwana apita kumene atate ake anena."

Kulowola! Pamene ankadzandifunsira, achibale ake anabwera ndi ndalama m'kansalu, akugwada. Amalume anga analandira ndi manja awiri, akuyesa kuti ndi kathokozo chabe, monga timachitira kwathu, kumene ana ndi a kuchikazi ndipo wowayang'anira ndi mlongo wa mayi. Enawo anabwerera ku Chipata akuti ng'ombe zalowa, ana onse obadwa ndi awo. Palibe anafunsa mnzake kuti kodi izi n'zachiyani. Tinadya mpunga, tinavina, aliyense akusangalala ndi zimene ankaganiza yekha. Ndipo ine ndinadzazimvera kuno, m'chipinda cha matabwa, pakati pa chipululu.

Masiku otsatira ndinkangoona tinthu. Anayeza mapazi a ana ndi ulusi n'kutumiza chithunzi. Anayamba kutengera foni ku masitepe. Anamuuza mtsikana kuti mundege adzakhala pa windo, mwana n'kufunsa kuti nanga amama, iye n'kuti amama ali ndi ndege yawo. Mnyamata akalira ndinkamunyamula mpaka mkono kuuma, osafuna kumuika pansi. Ngakhale kukataya zinyalala ndinkapita nawo onse awiri.

Tsiku lina atapita ku shifiti ya m'mawa, ndinakwera pa mpando n'kutsitsa sutikesi yake pamwamba pa wadiropu. Kiyi ankaibisa mu nsapato yake ya ukwati, ankayesa kuti sindidziwa, chonsecho wopukuta nsapatoyo ndine. Mkati mapasipoti atatu anali omangidwa pamodzi ndi labala. Yanga inali payokha, pansi pa matawulo.

Pokoka mapasipotiwo labala inaduka. Ndinatenga awiri a ana, yake ndinabwezera, yanganso ndinaisiya pomwepo. Ndinawakulunga mu pulasitiki, ndinamanga m'chiuno ndi chitenje, mkanjo wanga wa abaya pamwamba. Mnyamata kumbuyo, mtsikana kudzanja. Kunja dzuwa linkachita kuwawa ngati mbama, mwana akuti amama nsapato zikuotcha, ine ndikuti yala, yala, fulumira, tiye. Pa siteji ndinkaona ngati aliyense akuona chotupa m'chiuno mwanga. Galimoto iliyonse yoyera ndinkati ndi ya ku ntchito kwake.

Tinatsikira ku Al Sadd. Kumeneko kuli mayi wina wachikulire wa kwathu, amakolopa pa kiliniki ina, ndi amene anandisambitsa nditabereka mnyamatayu. Ndinawapeza ku khomo la kumbuyo akumwa tiyi. Ndinafotokoza zonse mopanda mutu, iwo osandidula. Nditatha anati, "Mwanangu, ukudziwa kuti mwamunayo akhoza kukufufuta pa mapepala ake?"

"Andifufute, mayi. Akandifufuta ndikwera ndege ndi ana anga."

"Akakumenya?"

"Matabwa aja amamva. Anthu abwera."

Anapukusa mutu, kenako anatambasula dzanja. Ndinamasula chitenje. Pulasitiki inali itanyowa ndi thukuta. Anaika m'chikwama chawo chamkati, n'kunena kuti sapereka kwa munthu aliyense, ngakhale atabwera ndi misozi, pokhapokha ine nditaima pamaso pawo. Pa foni yawo tinaimbira achimwene anga ku Machinga, eni mbumba. Ndinawauza kuti akonzeke, madzulo alankhula ndi alamu awo, mwamuna wangayo, ndipo nkhani ya kansalu kaja ayimasule iwowo ndi amalume.

Tinabwerera. Sindinabise sutikesi, ndinaisiya pa bedi chitsegukire. Ndinadyetsa ana, ndinawasambitsa, ndipo pomupukuta mtsikana ndinamugwira chibwano.

"A pafoni aja ndi azakhali ako. Tanena."

"Azakhali."

"Amayi ako ndani?"

Anandiloza pachifuwa ndi chala chonyowa.

Ndinawakhazika onse awiri pakona, kumbuyo kwanga, ine n'kukhala pansi moyang'ana chitseko. Mawu ndinali nditakonza kale, ndinkangowabwereza chamumtima kuti asandithawe: ku Hamrun tonse anayi ndege imodzi, apo ayi inu ku Bugibba nokha, ife atatu ku Machinga. Kenako ndinamva nsapato zake pa masitepe.