Jakisoni Pansi pa Chambo

"Nanga ine ndikanalota kuti mwana wanu ali pansi pa chambo?" anakuwa motero mayi wogulitsa nsomba, msika wonse ukumva.

Mwana panalibe, ndipo vuto linali lomwelo. Ine ndi mkazi wanga tinali titakhala zaka zambiri opanda mphatso. Mapiritsi atakanika, adokotala anatipatsa jakisoni wa m'kabotolo woti mkazi wanga abayidwe pa tsiku lake lenileni, dzira likakhwima. Likadutsa tsikulo, mwezi wonse wapita. Anatsindika kuti kabotoloko kasatenthedwe. Ku Mangochi kuno, kumene madzi a mumtsuko amafunda okha!

Tsikulo magetsi anazima m'mawa, firiji ya aneba, momwe tinasungitsa kabotoloko, n'kuyamba kudontha. Ndinakulunga kabotolo m'jumbo, n'kukakankhira pansi pa ayisi m'bokosi la mayi wa nsomba uja, iye atatembenuka. Sindinamuuze. Bambo wamkulu ungayambe bwanji nkhani yotere pamsika? Pobwerera masana ndinapeza bokosi lakwera lole ya ku Chiponde.

"Mukanafunsa musanatumize!" ndinakalipa.

"Ndifunse ndani, achimwene? Nsomba zanga zomwe?"

Zimene ndinamuyankha sindingazilembe pano. Ndinadumphira kabaza wa njinga yamoto, njira yonse ndikumulalatira kuti agogo anga amathamanga kuposa iye. Lole tinaipeza pachitunda, injini ikuwira. Ndinapisa mkono mpaka m'phewa m'mabokosi a eni, amayi akundikwapula ndi zitenje kuti ndine wakuba. Kabotolo ndinakapeza kali kozizira bwino, kuposa mutu wanga.

Kuchipatala anesi anakanunkhiza, n'kundiyang'ana. "Bambo, mwakagula ku famase kapena mwachita kuwedza?" Anaonetsetsa kuti sikanatseguke ndiponso sikanaume ndi ayisi, n'kumubaya mkazi wanga.

Kaya anagwira ntchito ndi jakisoniyo, adokotala eni ake anakana kulumbira, poti ena amabayitsa osaona kanthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti kamtsikana kathu kamene kakundilanda cholembera panopa, chambo sikadya.

Madzulo a tsiku lija mkazi wanga anandiyalira mphasa pakhonde chifukwa cha fungo. Anawonjezera kuti mwana wa munthu wotukwana amayi pamsika iye sabereka, ngakhale amubaye kangati.

Kutacha ndinavala malaya oyera a kutchalitchi, n'kupita kukapepesa. Mayi uja sanadzutse n'komwe mutu. Anangondikankhira beseni la chambo ndi mpeni. Ndinakhala pansi, n'kuyamba kupala mamba.