Ndinadya Ufumu wa a Nyirenda

Loweruka lililonse aphunzitsi anzanga awiri, a Zimba ndi a Nyirenda, amabwera kwathu ku Mwase Lundazi kudzachita masewera a maufumu. Wotsogolera nkhani ndine, ndipo mapu amene ndinajambula pakatoni yaikulu ndimasunga ndine. Malire amasuntha nkhondo iliyonse, choncho midzi timaizindikiritsa ndi mbewu: chimanga n'cha a Zimba, mtedza ndi wa a Nyirenda.

Tsiku lina anachedwa, ndipo ine kudikira sinditha. Ndinazungulira tebulo, kusuzumira kumsewu, kukhala pansi, kudzukanso, dzanja likungopita kukamwa. Pomwe njinga zawo zimafika, n'kuti midzi yonse ya kum'mawa ya a Nyirenda ili m'mimba mwanga, ndipo pamene inali ndinali nditaiwala.

"Ba Tembo, midzi yanga ili kuti?" anandifunsa a Nyirenda.

"Dzombe," ndinatero, lilime likusakasaka zotsalira m'mano. "Anthu anu athawa njala."

Anavula chipewa mwachisoni. Anamenya nkhondo miyezi ingapo kuti alanditse dzikolo, mpaka anayambana zenizeni ndi a Zimba. Mpaka lero amati dzombelo ndiye nkhani yokoma koposa imene ndinapekapo, ndipo pondithokoza amanditengera mtedza wokazinga.

Ine ndimangolandira ndi manja awiri, n'kudya.