Tsiku Limene Tinathamangitsa Dzuwa ndi Maikulosikopu

Ndikukumbukira kuti pa sekondale yathu yoyendera, kwathu kwa Chiwalo, sayansi tinkaiphunzira ndi makutu. Labu kunalibe. A Nakoma, aphunzitsi athu a kemisitile ndi bayoloje, ankajambula botolo pabolodi n'kutiuza kuti madzi ali m'menemo tsopano afiira, ife n'kuvomera ngati tili m'tchalitchi. Bolodi lakuda, choko choyera, kufiirako aliyense ankadzionera yekha m'mutu. Aphunzitsi a hisitole atasamuka, a Nakoma omwewo anasenzanso nkhondo za ku Ulaya, ndipo m'mutu mwanga zonse zinasakanikirana. Ndinkakhala pawindo lopanda galasi, maso ali kuchigwa, n'kumaona asilikali a ku Jeremani akutitimira m'chisanu cha ku Rasha, chimene ndinkachiyesa ufa woyanika pamphasa. Pamwamba pawo maatomu ankazungulira ngati udzudzu wa kudambo.

Mayeso ndinkakhoza ndithu, koma nditafika Fomu 3 mtima unayamba kundiwawa. Zonse zimene ndinkadziwa zinali zongomva. Nthawi zina ndinkaganiza kuti mwina olemba mabuku anangopangana kuti atinamize ife a kumudzi, poti sitingapite kukaona. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha cha m'buku choti ndizinena kuti ichi ndiye ndinachiona ndi diso langali.

M'nyengo yozizira, mpunga atadula kale, a Nakoma anatiuza kuti abwereka maikulosikopu kusukulu ina yakutali. Adzabwera nayo panjinga m'mawa, masana omwewo n'kuibweza, chifukwa eni ake ankaifuna. Ankafunanso madzi oti tidzaonemo tizilombo, osati a pamjigo, koma adambo, okhalitsa, obiriwira. Ndinakweza mkono msanga, poti munda wathu wa mpunga unali kufupi ndi dambo.

M'mawa wa tsikulo ndinatsetsereka ndi botolo, mame akundinyowetsa mpaka m'mawondo. Matope ankanunkha udzu wowola, akakowa atangoima m'ziputu za mpunga. Chithaphwi chilichonse ndinkachiona chosakwana, ndinkafuna chobiriwira kuposa zonse. Pofika kusukulu ndinapeza anzanga atandanda kale pamzere mpaka kukhomo. A Nakoma analandira botolo, anandithokoza, anadontheza kadontho pakagalasi, kenako anandilozera kumapeto kwa mzere. Nditayamba kudandaula, anangoseka n'kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinthucho chinali chachikale, chakuda, chosalira magetsi. Pansi pake panali kagalasi kozungulira kotapa kuwala kwa dzuwa lolowera pawindo. Aliyense akafika ankakhalitsa. Yusufu, mwana wa ogulitsa nsalu pamsika, analumbira kuti waona ng'ona. Mnzanga Esinati anatsinzina diso lolakwika, kenako anakhala nthawi yaitali akusirira nsidze zake zomwe. Kalasi inali phwete, koma ine sindinkaseka. Ndinali nditaona pawindo kuti phiri la Mulanje lasowa. Chiperoni chinali chikubwera, choyera, chamwachifatse, chikumeza phiri la Michesi, kenako mitengo ya m'chigwa umodziumodzi. Kamphepo kozizira kanalowa m'kalasi n'kutembenuza masamba a makope.

Pamene ndinkafika kutsogolo, m'chipindamo munali mutachita mdima. Ndinawerama, ndinaika diso, ndipo ndinaona utsi wotuwa basi. A Nakoma anasuntha kagalasi uku ndi uku, osathandiza. Anandifunsa chimene ndaona. Ndikanatha kuvomera monga tinkavomerera masiku onse, koma sindinatero.

"Palibe chimene ndikuona, sala," ndinatero, misozi ili m'mphepete.

Anayang'ana wotchi yawo, anayang'ana njinga imene inatsamira pakhonde, kenako anatuluka n'kuima pabwalo. Kutsidya kwa bwalo la mpira, mtambo unali utang'ambika, ndipo kachigawo ka dzuwa kankayenda pansi pang'onopang'ono, kulowera chakunyanja.

"Yusufu, nyamula situlu. Malita, tiye!" anakuwa, akundikodola ine.

Bambo wamkulu uja, amene sankathamanga ngakhale mvula igwe, anakumbatira maikulosikopu pachifuwa ngati khanda n'kuliyatsa liwiro, jekete likuuluka. Kalasi yonse inatsatira. Tikafika pamene panali dzuwa, tinkapeza lasuntha. Tinadutsa bwalo, tinalowa m'munda wa nandolo, mayi wina amene ankathyola nandolo n'kutikuwira m'Chilomwe kutifunsa kuti kwagwanji. Tinangopitirira, mpweya utatithera. Tinalipeza dzuwa pafupi ndi chulu, litaima ngati likutidikira.

Yusufu anakhazika situlu, a Nakoma anapendeketsa kagalasi, ine ndinagwada pamzere wa nandolo. Poyamba ndinaona kuwala kozungulira ngati mwezi wathunthu, muli timaulusi tobiriwira. Kenako kuchokera m'mbali munatulukira kanthu kooneka ngati patapata, kowala mkati monse. Kankayenda kakudzigudubuza, kosafulumira. Kanagunda ulusi, kanabwerera pang'ono, kanatembenuka, n'kupitiriza ulendo wake. Kanalibe nafe ntchito. Kanali kakukhala m'dambo lathu lija masiku onse, mayi anga akupondamo podzala mpunga, ine ndikutsukamo mapazi. Ndinaiwala kupuma. Phokoso la anzanga linkamveka kutali, ndipo sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji kuwala kusanazime. Mawawa anayamba, a Nakoma anavula jekete n'kufunditsa chida cha eni.

Pobwerera ndinatsalira m'mbuyo. Ndinali wosangalala mpaka miyendo kupepuka, koma tisanafike pabwalo chisoni chinandigwira mosayembekezera. Ngati kachilombo aka, kamene a Nakoma ankangotijambulira pabolodi, kalikodi, ndiye kuti Rasha alikonso, chisanu chija n'chenicheni, ndipo anyamata amene ndinkasewera nawo m'maloto pawindo anafadi m'menemo, kutali ndi amayi awo. Ndinali nditaloweza nkhondo imeneyo mwezi wathunthu, koma tsiku limenelo m'pamene ndinaimvera chisoni, nditanyowa, m'munda wa nandolo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana wanga wamwamuna ali Fomu 3, ndipo tsiku lina anandionetsa kachilombo komweko pafoni, kakakulu, kamitundumitundu, kakusambira nyimbo ikulira. Akatopa nako amangokankha ndi chala, pamabwera akasinja a nkhondo, akakankhanso pamabwera mpira. Sindimuda, amadziwa zambiri kuposa zimene ine ndinkadziwa. Ndinangomufunsa ngati anakaonapo ndi diso lake. Anati kusukulu kwawo maikulosikopu aliko, atsopano, amagetsi, koma amakhala m'kabati kuopa kuti ana angawononge.

Loweruka lotsatira ndinamudzutsa m'mamawa, ndinamupatsa botolo n'kumutuma kudambo, ine n'kuvala nsapato kupita kukapempha kiyi wa kabati ija kwa ahedi.