Tsiku limene agogo anayang'ana kukhoma

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinamva koyamba makina osindikiza zikwangwani akutafuna vinilo, chipulasitiki cholimba chija chimene amalembapo.

Kashopu kathu kanali kuseri kwa msika pa boma la Chitipa. Makinawo, aatali ngati bedi, bambo anakawatenga ku Tunduma atagwirapo kale ntchito. Kuti agulidwe, agogo anga aamuna a ku Kaseye, obereka bambo, anagulitsa ng'ombe zawo. Koma wowadziwa makinawo anali amayi. Bambo ntchito yawo inali pakamwa, kukopa makasitomala.

Amayi kwawo ndi ku Ntcheu. Atakwatiwa anapeza mwambo wolimba kuposa wa kwawo: mkazi saonana maso ndi apongozi ake aamuna, sakhala nawo chipinda chimodzi, salankhula nawo. Amayi ankautsata mpaka ine kundinyansa. Agogo akangotulukira panjira, munthu wamkuluwamkulu ankathawira m'chimanga.

Chinali chaka cha chisankho, nyengo yozizira, mphepo ya fumbi ikuomba. Bambo anali atapita kukagula inki. Amayi ankasindikiza chikwangwani chachitali cha bambo wina wofuna ukhansala. Mpukutu wa vinilo unali utabwera womangidwa panjinga ndipo m'mbali munapindika, choncho amayi anaima chilili akuwongola m'mbalimo ndi dzanja kuti musatukuke.

Kenaka tinamva belu la njinga ndi chifuwa chomwe tonse tinkachidziwa. Agogo, osatumiza ndi uthenga womwe, anabwera kudzaona chimene ng'ombe zawo zinasanduka. Amayi anataya zonse n'kulowa m'kachipinda kosungira katundu. Ine ndinagwada pakhomo kupereka moni, ndipo moni wa kwathu sathamangira: za kumudzi, za kumunda, za miyendo yawo. Tili pakati pa moniyo, kumbuyo kwanga kunamveka khwaa, kenaka kukukuta.

"Tusekile, zimitsa," anatero amayi pondiitana kuseri kwa chitseko.

Ndinazimitsa. Vinilo anali atakwinyika n'kukanirira pansi pa mutu wa makina. Mutuwo ndi kabokosi koyenda uku ndi uku kakuthira inki kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso. Ukakandika, kapena inki ikaumiramo, watha. Wina ukanachokera ku Dar es Salaam, ndipo ng'ombe zina zogulitsa kunalibe.

Agogo, pofuna kuthandiza, anagwira vinilo ndi manja onse kuti akoke. Sindidziwa kumene ndinatenga mtima, koma ndinawagwira pamkono, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

"Osakoka, agogo. Mupha makina."

Anandiyang'ana mpaka ndinamva kutentha kumaso, koma anasiya.

Amayi anayamba kundilangiza ali mkatimo. Ndikweze chitsulo chakumbuyo kuti timatayala togwira vinilo timasuke. Ndinakweza. Ndikankhe mutu pang'onopang'ono kupita kumalo kwake kumene umavundikirika. Ndinakankha, sunasunthe. Mphepo inkalowera pakhomo, fungo la inki likundibaya m'mphuno, ndipo ndinkadziwa kuti ikuuma. Ndinayamba kulira, ndi mantha komanso ukali. Munthu wodziwa ntchito anali pompo, koma atatsekeredwa ngati wakuba.

"Wangathe ni njani?" anafunsa agogo m'Chitumbuka, kufuna kudziwa amene angakwanitse.

Ndinaloza chitseko. Anatenga chipewa chawo n'kuyamba kutuluka kuti amayi apeze mpata.

"Uwauze agogo ako asatuluke," anatero amayi. "Mpukutu ukulemera, ndiwo ukukoka vinilo. Pafunika wamphamvu aunyamule. Iwe sungathe."

Agogo anamva okha, koma anadikira kuti ndibwereze. Nditabwereza anaima kanthawi pakhomo. Kenaka anazungulira kuseri kwa makina, anatsitsa chipewa mpaka pamphuno, anatembenukira kukhoma, n'kunyamula mpukutuwo cham'mbali.

Amayi anatuluka atafunda chitenje kumutu, lezala ili m'manja. Anadula vinilo mbali zonse za mutuwo, osaugunda. "Uwauze akwezeko pang'ono." Ndinawauza. "Uwauze asagwedeze." Ndinawauza, ngakhale anthu awiriwa akanatha kugundana zigongono. Mikono ya agogo inkanjenjemera, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kunkazizira. Amayi anasolola chidutswa chokwinyikacho pang'onopang'ono, kuchoka pansi osati kukokera kutsogolo. Mutu unamasuka, iwo n'kuukankhira kumalo kwake.

Anaupukuta ndi kansalu konyowetsa mankhwala ake, anadula mbali yopindika ija, analowetsanso vinilo molunjika n'kusindikiza timizere toyesera. Mtundu wofiira unatuluka woduka-duka. Anatsukanso mutu n'kuyesanso. Ulendo uno timizere tonse tinatuluka.

"Zachira?" anafunsa agogo, maso akadali kukhoma.

"Zachira, agogo."

Anatuluka cham'mbali osacheuka. Ali panjinga anathokoza nati, "Uwauze amayi ako kuti yewo." Anabwerera ku Kaseye osaona makinawo akusindikiza, poti amayi anayenera kuimanso pomwepo kuwongola vinilo.

Kwa zaka zambiri ndinkaifotokoza nkhaniyi monyoza mwambowo, ndipo sindinganame, zina za mwambowo zimandipwetekabe mutu. Koma tsopano ndine mayi wapabanja, ndipo ndaona apongozi ambiri odyera mbale imodzi, kuseka limodzi, koma osamverana ngakhale pa kanthu kakang'ono. Agogo anali munthu wosauzidwa zochita ndi aliyense ku Kaseye konse. Tsiku limenelo anamvera mawu onse a mkazi amene sanamuonepo nkhope, ndipo mpaka anamwalira sanaione. Pamaliro awo amayi ndi amene analira kuposa ana awo enieni.